Phindu la matabwa akale limapangidwa tsiku logula

Nyumba yakale ikamagumulidwa ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Lilongwe masiku ano, akalipentala sachedwa kutulukira. Amafika fumbi lisanakhazikike n'kuyamba kufunsa za zitseko, mafelemu, mitanda ya denga ndi makabati a m'khitchini. Kale zinthu zoterezi mwini nyumba ankangopatsa antchito kuti akasonkhere moto. Lero amayamba wafunsa kuti wogulayo apereka zingati.

Zafika pamenepa chifukwa matabwa atsopano akuboola m'thumba. Nkhalango ya Chikangawa, yomwe inadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000 kuti idzadyetse fakitale ya mapepala imene siinamangidwe, ndiyo yakhala ikupereka paini wambiri wa m'misika ya dziko lino. Moto wolusa ndi kucheka mosasamala zinaiwononga kwambiri, ndipo paini wodzalidwa lero amafuna zaka zoposa 20 kuti afike potulutsa matabwa abwino. Kuonjezera apo, ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Guluu, vanishi, mahinjesi, maloko ndi nsalu za masofa, zomwe zambiri zimachokera kunja, zinakwera nthawi yomweyo.

Mitengo yachilengedwe ndiye nkhani yake ndi yovuta kuposa apa. Mkungudza wa ku Mulanje, womwe unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Mukula unaikidwa pa mndandanda wa mitengo yotetezedwa pa malonda a pakati pa maiko, wa pangano la CITES, mu 2019, ndipo mlombwa ndi m'bawa zinatsatira mu 2022. Kuno kumudzi, lamulo la za nkhalango litakonzedwanso mu 2020 zilango zinakhwima. Kwa mmisiri wamng'ono amene akufuna thabwa la mlombwa lotambalala bwino popanda kuthamangitsana ndi a zankhalango, malo amodzi otsala ndi m'zitseko, m'matebulo ndi m'makabati amene anakhomedwa zaka 40 kapena 50 zapitazo.

Koma si onse olowa malondawa amene amapindula. Chinthu chakale chimaoneka chotchipa pochigula, pomwe chimabwera ndi ngongole zake zosaoneka: misomali yobisika, tizilombo, masiku a ntchito, nthawi zina poizoni, nthawi zinanso mlandu wa kupolisi. Zonsezi zimafunika kuonedwa ndi kuwerengeredwa ndalama isanatuluke m'thumba, chifukwa katunduyo akafika pashedi palibenso kobwezera.

Ubwino woyamba wa thabwa lakale ndi wakuti ndi louma, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani ya makasitomala amene amabwerera ali ndi mkwiyo. Thabwa la paini longochoka kumene pa sowo limakhala ndi madzi ochuluka, nthawi zina olemera ngati thabwa lenilenilo. Kuti liyenere kupangira katundu wa m'nyumba, madziwo amafunika atsike kufika pa magawo pafupifupi 12 pa 100 alionse, ndipo thabwa la inchi imodzi loyalidwa bwino pamthunzi limatenga miyezi kuti lifike pamenepo. Kalipentala wa mpamba wochepa alibe miyezi yodikira. Amagula Lolemba, pofika Lachitatu wakhoma kale. Thabwa likamauma limachepa m'lifupi, osati m'litali, n'chifukwa chake tebulo lokhomedwa mu Malichi limafika mu Okutobala lili ndi mipata yoti mpunga n'kumagweramo. Chitseko chimene chakhala pakhomo zaka 30 chinaona kale dzinja ndi chilimwe kambirimbiri, ndipo sichisunthanso kwambiri. Chopangidwa kuchokera ku chitseko chotero chimakhala momwe chachokera m'manja mwa mmisiri.

Vuto ndi lakuti katundu wakale amabwera atavala penti, nthawi zina wa mitundu itatu yosanjikizana. Mmisiri wodziwa sapita kokagula wopanda kampeni ndi msomali m'thumba. Amapala pang'ono pamalo obisika, monga kunsi kwa tebulo kapena pamene panali hinjesi, kuti aone mtengo weniweni. Mlombwa umaoneka wofiirira moderako, wa mizere yokhotakhota, ndipo sulemera kwambiri poyerekeza ndi kulimba kwake. M'bawa ndi wofiira mofanana paliponse. Mkungudza umadziulula wokha ndi fungo: ngakhale patapita zaka zambiri, ukangopalidwa umanunkhira. Paini ndi woyera, wa mfundo zambiri, ndipo chikhadabo chimalowa. Bulugamu wouma amalemera, amakonda kung'aluka ndipo amapinda misomali, choncho amafuna kuboola kaye asanakhomedwe.

Amene amapusitsa anthu kwambiri ndi makabati ndi madesiki ochokera m'maofesi. Kunja amaoneka ngati m'bawa weniweni, pomwe mkati ndi utuchi womatidwa ndi guluu, wokutidwa ndi kachikopa kopyapyala. Kuyang'ana m'mphepete mwa kumbuyo kapena m'bowo la sikuluwu n'kokwanira kuti chinyengocho chioneke. Matabwa a utuchiwa akanyowa amafufuma osabwereranso, ndipo sikuluwu ikazulidwa siigwiranso pamalo omwewo. Wowagula aziwerengera mtengo wa mahinjesi, zogwirira, maloko, tinjanji ta madirowa ndi magalasi amene alipo, chifukwa zimenezi m'hadiweya zili ndi mtengo wake. Za matabwawo aziona ngati basela.

Msomali wa m'thumba uja ntchito yake ndi ya chiswe ndi kuola. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndipo pa zitseko zakale mwambiwu umakhala weniweni. Chiswe chimadya mkati n'kusiya khungu la penti lili bwinobwino. Kugogoda ndi chala kumauza zambiri: thabwa lamoyo limalira molimba, lodyedwa limalira ngati ng'oma yobooka. Malo oyenera kubaya ndi msomali ndi kunsi kwa chitseko, kumapazi a felemu ndi kumiyendo ya kabati, kumene kunkafika madzi okolopera. Msomali ukalowa popanda kukankha mwamphamvu, gawo limenelo latha, ndipo liyenera kuchotsedwa pa mtengo wogulira.

Timabowo ting'onoting'ono ngati tobaya ndi singano ndi ta tizilombo tofumbwitsa matabwa. Timabowo takuda, topanda ufa, nthawi zambiri ndi takale ndipo eni ake anachoka. Koma ngati thabwa ligogodedwa n'kugwa ufa woyera, tizilomboto tikadali mkati. Thabwa lotero likalowa pashedi limapatsira matabwa ena onse. Ngati ndi lopyapyala komanso la mtengo wapatali, kulikulunga m'pepala lakuda la pulasitiki n'kuliyanika pa malata masiku angapo padzuwa la Okutobala kumathandiza, pakuti tizilomboti sitipirira kutentha kwambiri. Lofumbwa kwambiri ndi nkhuni basi. Oilo wakuda wa galimoto amene ena amapaka pofuna kuteteza matabwa asiyidwire mitengo ya khola ndi ya mpanda. Pa mpando amadetsa zovala, amanunkha, ndipo penti kapena vanishi sagwirapo.

Mabedi ndi masofa ali ndi mlendo wawo, nsikidzi. Zimabisala m'malumikiziro ndi pansi pa nsalu, ndipo zimatha miyezi osadya kanthu, choncho mawu akuti sofayo yakhala m'sitolo nthawi yaitali satsimikizira chilichonse. Chizindikiro chake ndi timadontho takuda m'makona ndi m'misoko. Katundu wotere asalowe m'nyumba kapena pashedi asanavulidwe nsalu ndi siponji yonse panja. Madzi owira othiridwa m'malumikiziro amapha nsikidzi ndi mazira omwe, ngakhale amamasula guluu wakale, kotero felemuyo imafunika iume bwino n'kumatidwanso. Kasitomala mmodzi akalumidwa usiku woyamba, dera lonse limadziwa dzina la mmisiriyo kusanache.

Pa sofa yakale chimene chikugulidwa ndi felemu yokha, chifukwa siponji ndi nsalu, zomwe zimadya ndalama zambiri pokonza, zidzagulidwa zatsopano. Njira yoyesera felemu ndi kunyamula mwendo umodzi wakutsogolo m'mwamba pang'ono. Mwendo winawo ukanyamuka nawo, felemuyo ndi yolimba. Ukatsala pansi, ndiye kuti yamasuka ndipo ntchito yake ingafanane ndi kukhoma yatsopano.

Pankhani ya chopanga, amisiri amene amapindula ndi amene amacheka pang'ono. Chinthu chakale chimabwera ndi ntchito imene wina anagwira kale: kupala, kulumikiza, kuwongola. Kuchiphwasula kuti chibwerere kukhala matabwa ndi kutaya ntchito yonseyo. Chitseko cha muyeso wodziwika, chotalika mamilimita 2,032 ndi kutambalala mamilimita 813, ndi pamwamba pa tebulo la anthu asanu ndi mmodzi, kapena kauntala ya golosale, kapena tebulo lodulirapo nsalu la telala. Chimangofuna miyendo ndi felemu yapansi. Chitseko cha mapanelo chimafuna galasi kapena pulayiwudi pamwamba kuti mbale zisamapendeke. Zitseko zopepuka za m'zipinda, zomwe mkati mwake ndi mphako, sizipirira katundu wolemera ndipo sizichekedwa pakati. Bedi lothyoka m'mbali limasanduka benchi: kumutu kumakhala kotsamira, kumiyendo kumadulidwa pakati n'kukhala mikono iwiri. Wadiropu yoola kunsi imadulidwa masentimita ochepa, n'kuikidwa maziko atsopano, ndipo ikachotsedwa zitseko ndi mashelefu a m'golosale. Madirowa otsala amagulidwa ndi oweta nkhuku kuti zikhale zoikiramo mazira. Miyendo yachitsulo ya makina osokera akale imanyamula tebulo lokongola, koma chitsulo chake chikagwa chimasweka ngati mbale ndipo n'chovuta kuwotcherera, choncho ming'alu iyang'anidwe pogula.

Mitanda ya denga ndi yaitali komanso yonenepa, yabwino pa miyendo ndi mbali za bedi, koma mtundu wake uyambe waonedwa. Yobiriwira inanyikidwa m'mankhwala a CCA, omwe muli poizoni wa aseniki. Yakuda, yonunkha phula, ngati mapolo a magetsi ndi mitanda ya njanji, inanyikidwa m'kiriyosoti. Yonse iwiri si ya bedi la mwana, thabwa lodulirapo ndiwo kapena chilichonse chokhudza chakudya, ndipo zidutswa zake si nkhuni, chifukwa utsi ndi phulusa lake ndi zoopsa.

Mapaleti, timathandala ta matabwa tomwe katundu wa m'makontena ndi m'malole amakhalapo, ndiwo atchuka kwambiri zaka zino. Amapezeka kumene kuli mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu, monga ku Kanengo, ku Makata ndi ku Chirimba, ndipo masofa, mabedi ndi matebulo opangidwa nawo akuoneka m'malo odyera ndi ogona alendo. Paleti imene yadutsa malire a maiko imakhala ndi chidindo chowotchedwa pambali, malinga ndi lamulo la ISPM 15 lomwe maiko anagwirizana mu 2002 pofuna kuti tizilombo ta m'matabwa tisamayende ndi katundu. Pachidindopo pamakhala chizindikiro chonga ngala ya tirigu, zilembo ziwiri za dziko, monga ZA kuimira South Africa kapena CN kuimira China, nambala ya amene anakonza, kenako zilembo ziwiri zimene mmisiri ayenera kuziwerenga. HT amatanthauza kuti matabwawo anatenthedwa mpaka mkati mwake mutafika madigiri 56 kwa mphindi 30, popanda mankhwala. MB amatanthauza kuti anafukizidwa ndi methyl bromide, mpweya wapoizoni umene alimi akale a fodya akuukumbukira chifukwa unkagwiritsidwa ntchito pa nazale. Mankhwalawa analetsedwa pa ulimi chifukwa chowononga mlengalenga, koma amaloledwabe pa katundu wodutsa malire. Ya HT ndiyo yoyenera bedi, tebulo ndi shelefu ya m'khitchini. Ya MB ikhale ya mpanda ndi ntchito zina zapanja, ndipo isasonkhedwe pamoto wophikira.

Chidindo chimanena za momwe paleti inakonzedwera poyamba, sichinena zimene yanyamula kuchokera pamenepo. Paleti ya HT imene inatayikiridwa mankhwala a mbewu, oilo kapena asidi wa mabatire ndi yoopsa kuposa ya MB yoyera. Banga lachilendo, ufa womatirira kapena fungo loluma m'mphuno ndi zifukwa zokwanira kuisiya, pakuti thabwa limamwa zamadzi ndipo kupala pamwamba sikuchotsa zimene zalowa mkati. Mapaleti opakidwa penti wa buluu m'mbali, olembedwa CHEP, ndi obwereketsa. Amakhalabe a kampani imeneyo kulikonse kumene ali, ndipo mlonda wa pageti alibe mphamvu yowagulitsa.

Masamu a paleti ndi amene amagwetsa anthu ambiri ongoyamba kumene. Paleti ya ku Ulaya, yolembedwa EUR kapena EPAL, ndi ya mamilimita 1,200 m'litali ndi 800 m'lifupi. Ili ndi matabwa 11, zipika 9 ndi misomali 78. Matabwa 8 ndi a mita imodzi ndi masentimita 20, atatu otsalawo ndi a masentimita 80. Onse ataikidwa pamodzi amafanana ndi matabwa awiri atsopano a mainchesi 6 m'lifupi ndi mamita 5 m'litali. Koma misomali ya paleti ili ndi timizere toiletsa kuzuka, ndipo wozula mwaphuma ndi chitsulo amang'alula mitu ya matabwa. Ngati limodzi mwa matabwa atatu alionse lawonongeka, chotsala ndi thabwa limodzi latsopano ndi kachidutswa, ndipo ndi lodukaduka, lokhala ndi mabowo, losapala. Ndiye paleti imene mtengo wake ukufanana ndi wa thabwa limodzi latsopano si yotchipa ayi, makamaka akaphatikizapo mayendedwe, popeza mapaleti amadzaza galimoto ndi mpweya. Amisiri ena amaphwasulira pomwe agulapo kuti anyamule matabwa okhaokha.

Pophwasula, njira yosunga matabwa ndi kulowetsa sowo yodulira zitsulo pakati pa thabwa ndi chipika n'kudula misomaliyo, kenako kukhoma mitu yake kuchokera kumbuyo. Imachedwa koma siing'alula. Njira yachangu ndi kudula mitu yonse iwiri ya matabwa, kumene kuli misomali yambiri, n'kuvomera kuti atsala afupiafupi. Njira yopindulitsa kuposa zonsezi ndi kusaphwasula n'komwe. Mapaleti anayi a muyeso umodzi, opalidwa ndi kumangidwa pamodzi, ndi maziko a bedi kale, ndipo awiri osanjikizana ndi tebulo lapakati.

Msomali umodzi wotsala m'thabwa umakwanira kugumula mpeni wa pulena, ndipo pa makina opalira matabwa umatha kuthawa n'kuvulaza munthu. N'chifukwa chake eni makina ena amakana matabwa akale kapena amalipiritsa mowonjezera. Maginito ochotsedwa m'sipika yakufa ya wailesi, akayendetsedwa pamwamba pa thabwa, amakakamira pamene pabisala chitsulo. Mchenga wolowerera m'thabwa nawonso umabunthitsa mpeni, choncho burashi yawaya iyambe yadutsa pulena isanafike.

Cholakwika chofala powerengera mtengo wogulitsira ndi kuiwala masiku a mmisiri mwini. Mwachitsanzo, ngati matabwa atsopano a tebulo angadye K60,000 ndi masiku awiri a ntchito, pomwe chitseko chakale chagulidwa pa K20,000 koma chatenga masiku anayi chifukwa chochotsa penti, kuzula misomali ndi kutseka mabowo, K40,000 yopulumutsidwayo ndiyo malipiro a masiku awiri owonjezerawo, sandipepa ndi kunola zida. Ngati mmisiriyo amapeza zoposa K20,000 patsiku pa ntchito zina, ndiye kuti waluza, pokhapokha chitsekocho chikhale cha mlombwa chimene chingagulitsidwe pa mtengo wa mlombwa. Popeza mitengo ya zinthu ikusintha mwezi ndi mwezi, njira yosavuta ndi kuyeza chinthu chakale chilichonse ndi thabwa latsopano la tsiku limenelo: chitulutsa matabwa angati, a mtundu wanji, ndipo chidya masiku angati.

Kuchotsa penti kuli ndi ngozi imene ambiri saidziwa. Penti wakale wa mafuta, makamaka wachikasu, wofiira ndi wobiriwira, nthawi zambiri amakhala ndi mtovu. Kumupala ali wouma kapena kumuwotcha ndi moto kumatulutsa fumbi ndi utsi wa mtovuwo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene uli wosavulaza, ndipo amene amawonongeka kwambiri ndi ubongo wa ana aang'ono. Mashedi ambiri ali pakhomo pamene ana amakwawa. Kunyowetsa pamene akupala, kuyala pepala lotolera zinyenyeswa, kuvala chotseka pamphuno ndi kusintha zovala asananyamule mwana sizidya ndalama zambiri. Ngati penti wakaleyo sakusupuka, kumupaka wina pamwamba ndi kwanzeru kuposa kumuchotsa, kupatula pa katundu amene mwana angalume.

Kumbali ya zitsulo, amisiri okhoma ndowa ndi mbaula a ku Ndirande ndi m'misika ina anayamba kale ntchito imeneyi dzina loti kuteteza chilengedwe lisanamveke. Malata akale, mabodi a galimoto ndi migolo zimasanduka mbaula, makeni othirira dimba, zowotchera nyama ndi zomwera nkhuku. Mgolo wa malita 200 ndi chuma, koma umapha. Umene munali petulo, thina kapena mafuta ena oyaka umakhalabe ndi mpweya wake ngakhale utaoneka wouma, ndipo kamoto kamodzi ka makina odulira kapena owotcherera kamauphulitsa. Zitsekerero zonse zitsegulidwe, utsukidwe ndi sopo, ndipo udulidwe uli wodzaza madzi. Mgolo kapena chigubu chimene munali mankhwala a mbewu sichikhalanso cha madzi akumwa, thobwa kapena mafuta ophikira, kaya chitsukidwe kangati. Mbaula ya malata onyezimira iyambe yayatsidwa panja kufikira utsi woyera wa zinki utatha.

Mapoto osungunula kuchokera ku aluminiyamu wakutha amatchipa ndipo amalimba, koma zimene zalowa mu ng'anjo ndi zimene zidzalowe m'nsima. Kafukufuku wa ku Cameroon amene anafalitsidwa mu 2014 anapeza kuti mapoto opangidwa motere amatulutsa mtovu pophika. Wosungunula amene amasankha mapoto akale, zitini za zakumwa ndi mafelemu a mawindo, n'kupewa zitsulo za injini, maradiyeta ndi chilichonse chokhudzana ndi mabatire, ali ndi chonena kwa kasitomala chimene mnzake woponya zilizonse alibe.

Matayala akutha alibe zovuta zambiri. Amapereka nkhwaila, linya, mphira zomangira katundu panjinga ndi malamba a pansi pa mipando, ndipo awiri osanjikizana, okulungidwa chingwe, ndi mpando. A waya mkati amacheka manja ndi kubunthitsa mpeni, ndipo amene amatulutsa linya ndi a ulusi. Tayala lililonse lokhala panja libooledwe kunsi kuti lisasunge madzi oswera udzudzu.

Ngongole yomaliza, yomwe imatseketsa shedi tsiku limodzi, ndi ya katundu wakuba. Kulandira chinthu chobedwa ndi mlandu paokha m'malamulo a dziko lino, ndipo kunena kuti munthu anangogula sikumupulumutsa ngati zinali zoonekeratu kuti chinthucho n'chokayikitsa. Madesiki a sukulu, mabenchi a tchalitchi, zikwangwani za pamsewu, zitsulo za njanji, mawaya a magetsi, mapaipi ndi zivundikiro za ngalande sizigulitsidwa ndi munthu wongoyenda nazo madzulo. Maofesi, makampani ndi mabungwe amagulitsa katundu wawo wakale pa okishoni kapena ndi kalata, ndipo lisiti lake lisungidwe. Pogula kwa munthu wamba, kapepala kolembedwa dzina, tsiku, katunduyo ndi ndalama zake, kosainidwa pamaso pa mboni, n'kokwanira. Kapepala komweko kamathandiza pa rodibuloko. Chitseko cha mlombwa chiyende chili ndi penti wake ndi zipsera za mahinjesi, chifukwa chikapalidwa kaye chimaoneka ngati chochekedwa dzulo m'nkhalango, ndipo kufotokoza kumatalika.

Pogulitsa pali misika iwiri yosiyana, ndipo katundu mmodzi sangakondweretse yonse. Eni malo odyera, malo ogona alendo a kunyanja ndi mabanja ena a m'tauni amalipira chifukwa chakuti chinthucho chikuoneka chakale. Amafuna mabowo a misomali aoneke, chidindo cha paleti chisapalidwe, vanishi akhale wosanyezimira. Kasitomala wa ku Mchesi, ku Bangwe kapena ku Chibavi nthawi zambiri amafuna chosalala ndi chowala, ndipo akamva kuti ndi zakale amayamba kunenerera. Kwa ameneyu mabowo atsekedwe ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, ndipo mfundo yomugulitsira ndi yakuti thabwalo ndi louma, silidzatsegula mipata. Kubisa kuti ndi lakale sikuthandiza, pakuti tsiku lina adzagwada n'kuona kunsi. Kumutembenuzira tebulolo iye asanafunse, n'kumuonetsa mtundu wa mtengo ndi malumikiziro, kumatseka kunenerera kwambiri kuposa kulumbira.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Kugumula ndi kukonzanso nyumba kumachuluka m'chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndipo ndi nthawi imene zitseko ndi mitanda zimapezeka zambiri. Ndi nthawi yomweyonso imene ndalama za fodya ndi zokolola zina zimakhala m'manja mwa anthu, maukwati amachuluka, ndipo sukulu zikamatsegulira mu Seputembala pamafunika mabokosi, timatebulo ndi mashelefu. Wokhala ndi mpamba amagula zambiri m'miyezi imeneyi kuti adzagwire m'dzinja. Matabwa osungidwawo akhale pansi pa denga, pamwamba pa njerwa zosachepera mizere itatu kuchokera pansi, osatsamira khoma, ndi timitengo topingasa pakati pa mzere uliwonse kuti mpweya uzidutsa. Kamodzi pamwezi muluwo upasulidwe ndipo njerwazo ziyang'anidwe ngati pali timisewu tadothi ta chiswe.